A Zuze ndi Pepala Lokulungira Mandasi

Ku Chilomoni mukafunsa za a Onesimo Zuze, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Koma mukangoti Sala Nyukiliyasi, ngakhale kondakitala wa minibasi amakulozerani kanjira kopita kwawo, uku akuseka. Dzinali anawapatsa ndi ana asukulu, ndipo eniake ankalikonda kuposa la ubatizo. Ankaliyesa ulemu. Munthu wanjala ya kutamandidwa ngakhale mumutukwane amangoti mukumuimbira nyimbo.

Anabadwira ku Nsanje, nabwera ku Blantyre ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo awo atapeza ntchito ya ulonda pa fakitale ina ku Makata. Anakulira ku Chemusa, m'kanyumba ka zipinda ziwiri komwe mvula ikagwa aliyense ankagona atakumbatira beseni. Kusukulu mutu unkagwira, ndipo kuyambira Sitandade 6 anali atalengeza kale kwa aliyense wofuna kumva ndi wosafuna kumva yemwe kuti adzakhala dokotala. Mayeso a Fomu 4 atatuluka, mapointi anapitirira pang'ono. Mpaka lero a Zuze amati anawabera malo. Amene anawabera sanatchulidwepo dzina.

Udokotala utakanika, anagwera pa choko. Anayamba kuphunzitsa Bayoloje pa sukulu ina yapulaiveti ku Chilomoni, m'nyumba yomwe kale inali bala, moti dzuwa likaswa mtengo makoma ake ankatulutsabe kafungo ka mowa. Labu kunalibe. Maikulosikopu inali imodzi, yosweka galasi, yokhomeredwa m'kabati ya ahedi kudikira tsiku lobwera oyendera sukulu. Koma a Zuze anakagula chikhoti choyera pa kaunjika wa ku Ndirande, namachivala kuyambira pakhomo mpaka kusukulu, kutenthe kuzizire. M'minibasi munthu akangotsokomola, iwo ankatembenuka, nayamba kumufotokozera za mapapo ake mu Chingerezi, kenako namaliza ndi mawu awo a masiku onse: "Ine ndine mphunzitsi wa Bayoloje, mwamva? Thupi lanulo ndimalidziwa kuposa inuyo."

Phunziro lawo la pamtima linali la selo. Ankatenga chivindikiro cha poto, nachiika pa bolodi, nazunguliza choko, ndipo pakati pake ankajambulapo kena kakang'ono mothandizidwa ndi kapu. Thupi lonse, iwo ankatero, linamangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso, monga nyumba imamangidwira ndi njerwa. Pakati pa selo iliyonse pali kambulunga, nyukiliyasi, ngati kachikasu ka pakati pa dzira. Malamulo onse a selo amasungidwa mmenemo: nthawi yokula, nthawi yogawikana, nthawi yoleka. Tsono pali tizilombo tina timene timalowa m'selo n'kukasokoneza malamulowo. Nyukiliyasi imafufuma, imada, imapindika m'mbali, ndipo seloyo imangoswana osamvanso za kuleka. Khansa ndi imeneyo.

Tisawanamizire, zimenezi ankazidziwadi, ndipo ankaziphunzitsa bwino. Akanakhala mbuli tikanawamvera chisoni.

Mkazi wawo, Magdalena, anali mwana wa a ku Chikwawa amene anakhazikika ku Bangwe. Sukulu analekeza Fomu 2, ndipo a Zuze sankalola kuti tsiku lidutse osamukumbutsa. Koma chakudya cha pakhomopo chinkachokera m'beseni la mandasi lomwe Magdalena ankakhala nalo pa siteji ya minibasi kuyambira m'mamawa, chifukwa malipiro a sukulu yapulaiveti amabwera ngati mvula ya ku Nsanje. Chothandiza chokha chimene a Zuze ankaikapo pa geni imeneyi chinali mapepala. Teremu ikatha, ankasesa mayeso akale ndi mahandauti otsala m'sitafurumu, nawaunjika m'majumbo, nabwera nawo kunyumba kuti mkazi azikulungira mandasi. Ankanyadira ngati amugulira shopu. "Anthu a pa siteji akudya mandasi ndi maphunziro omwe," ankatero.

Mulungu anawapatsa ana atatu, Brenda, Maggie ndi Tithokoze, onse aakazi, onse athanzi ndi anzeru. Kwa a Zuze limeneli linali tsoka. Kwawo ana ndi a kuchimuna, ndipo dzina limayenda ndi mwana wamwamuna. Mayi awo, amene anali atabwerera kumudzi, akaimba foni kuchokera ku Nsanje, akangomaliza moni funso linali lomwelo, lakuti mkazi ameneyu adzabereka liti munthu wodzasunga dzina la Zuze. Tsono taonani manyazi ake. Chaka ndi chaka a Zuze ankaphunzitsa ana a Fomu 4 kuti chimene chimapangitsa mwana kukhala wamwamuna kapena wamkazi chimachokera m'mbewu ya bambo. Ankachotsera malikisi aliyense wolemba kuti ndi mayi. Koma foni ya ku Nsanje ikalira, ankangoti, "Tikuyesetsa, mayi, koma mukudziwa akazi a masiku ano," Magdalena ali pomwepo akukanda ufa.

Chaka chomwe Magdalena anakwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, nesi wina anabwera kutchalitchi Misa itatha, nalankhula ndi amayi za khansa ya khomo la chiberekero. Amayi a mphakati wawo anapangana kukayezetsa onse pamodzi kuti wina asathawe. Anzake onse anatuluka akuseka. Kwa Magdalena, achipatala atapaka viniga woyezera pa khomo la chiberekero, anaona kachigamba kosakondweretsa, namutumiza ku chipatala chachikulu komwe anakadula kanyama kuti akakaunike. Atamufunsa nambala ya foni, anapereka ya mwamuna wake, popeza yake inali itagwera m'ndowa ya madzi sabata yomweyo. Komanso amene angamve bwino za achipatala ndani, kuposa mphunzitsi wa Bayoloje?

Patatha masabata asanu ndi awiri foni inalira a Zuze ali m'sitafurumu. Sanamuuze mkazi wawo. Anapita okha, chikhoti chili pathupi, nakafika ndi Chingerezi chosita bwino, nanena kuti mkazi wawo ali ku maliro kumudzi ndipo atuma iwo. Wachipatala amene anamupeza anali yekha, panja pali mzere wa anthu ofika kukhonde. Anayang'ana chikhoticho, nawapatsa pepala, nawauza mosapsatira. Inali khansa, koma inali idakali poyambira. Mayi abwere pasanathe masabata awiri, achotsedwe chiberekero, ndipo mwayi wochira unali waukulu.

M'minibasi tsiku limenelo munthu wina anatsokomola njira yonse, a Zuze osatembenuka. Maso anali pa pepala. Zonse zomwe ankajambula ndi chivindikiro cha poto zinali pomwepo, zolembedwa ndi katswiri weniweni: manyukiliyasi ofufuma, akuda, opindika m'mbali, maselo oswana mosalekeza. Kwa kanthawi anali mwamuna chabe amene akuopa kutaya mkazi wake. Zimenezi zinatha asanatsike n'komwe minibasi. Chimene chinatsala m'mutu chinali mawu amodzi, kuchotsa chiberekero. Chiberekero chikapita, mwana wamwamuna wapita, dzina la Zuze lathera pa iwo.

Ndiye anayamba kudzinamiza mwaukatswiri, monga amachitira anthu ophunzira. Khansa imeneyi imayenda pang'onopang'ono, anadziuza. Chaka chimodzi chokha. Mkazi aime, abereke mnyamata, kenako apite ku opaleshoni, aliyense akondwe. Pofika pakhomo anali atadzikhululukira kale.

"Mayi a Brenda, marizati anu aja atuluka. Ndinadutsirako pochokera kusukulu."

Magdalena anaika chipande pansi. "Akuti bwanji, bambo?"

"Palibe choopsa. Kachilonda chabe, infekishoni yaing'ono. Ipola yokha."

"Pepala lake lili kuti?"

"Latsala komweko m'faelo. Ndipo ngakhale ndikanabwera nalo, inu mukanawerengapo chiyani?"

Magdalena anachita chizindikiro cha mtanda, nathokoza Mulungu, nathokozanso mwamuna wake chifukwa chomuvutikira. A Zuze analandira kuthokozako osatsamwa nako. Achipatala anaimbanso katatu m'miyezi iwiri yotsatira. Iwo anasunga nambalayo pa dzina lakuti Osayankha, ndipo sanayankhedi, mpaka foniyo inaleka kulira.

Apa munthu wamba akanaliwotcha pepalalo, kapena kulitaya m'chimbudzi. Koma a Zuze sanali munthu wamba, anali Sala Nyukiliyasi. Teremu yachitatu itafika, mutu wa khansa unawapeza alibe buku, ndipo m'thumba la chikhoti munali pepala lofotokoza zonse bwino kuposa buku lililonse. Linkawayabwa. Ndi mphunzitsi uti m'Blantyre monse amene anali ndi lipoti lenileni la kuchipatala, la chidindo chake? Anadula kachidutswa ka pepala, naphimba dzina la wodwala, napita nalo ku fotokope. M'munsi analembamo mafunso atatu. Loyamba: tchulani zinthu zitatu zomwe zasintha pa nyukiliyasi ya wodwalayu. Lachiwiri: athandizidwe bwanji? Lachitatu: chingachitike n'chiyani atachedwa ndi chaka chimodzi?

Phunzirolo linayenda ngati ukwati. Ahedi anabwera kudzaonerera, nawagwira chanza pamaso pa ana. Pokonza mayankho, popeza Chingerezi cha ana a sukulu imeneyi chinali chopunduka, a Zuze anawalembetsa yankho lililonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa, iwo nadutsa desiki ndi desiki kuchonga ndi bolopeni yofiira ndi kusainira m'munsi. Teremu itatha anasesa sitafurumu monga mwa masiku onse. Sanayang'ane zomwe ankaponya m'majumbo. Ankayang'aniranji, poti zinali zopita kwa munthu wa Fomu 2?

Majumbo anali ambiri chaka chimenecho, ndipo Magdalena ankatsegula limodzi likatha linzake. Miyezi inapita. Mimba yomwe a Zuze ankaidikira sinabwere. M'malo mwake munabwera zina. Magdalena anayamba kutaya magazi nthawi yosayenera, msana unayamba kumuwawa, ndipo zitenje zinayamba kumuzungulira kawiri. Akanena zobwerera kuchipatala, mwamuna wake ankamuseka. "Kodi achipatala sanakuuzeni kale kuti mulibe vuto? Mukufuna mukawatopetse? Ndi kukula kumeneko, mayi a Brenda." Ndipo ankamugulira panado pa okala, n'kumupatsa ndi manja awiri ngati mphatso ya Khirisimasi. Chaka chomwe anadzipatsa chija chinatha, iwo nadziwonjezera miyezi ina itatu, itatha nawonjezeranso. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma uyu ankalinda ndi thupi la mwini wake.

Loweruka lina masana, akuchokera kophunzitsa ana a patitaimu, anadutsa pa siteji napeza malo a mkazi wawo ali opanda munthu. Anapsa mtima, nakonzeratu mawu onena za ulesi. Atafika kunyumba anamupeza Magdalena atakhala pakhonde, beseni lili pambali lodzaza mandasi osagulitsa. Pamiyendo pake panali zinthu ziwiri, kabuku kake ka kuchipatala ndi pepala lonona mafuta. A Zuze analizindikira ali pa geti, chifukwa cha bolopeni yofiira.

"Khalani pansi, bambo a Brenda."

"Bwanji simuli pa siteji?"

"Ndati khalani pansi."

Chikwatiranepo anali asanamvepo mawu otero kuchokera pakamwa pameneja. Anakhala pa kampando ka ana, chikhoti chikukhudza dothi.

"Ndimakulungira munthu mandasi atatu," anatero Magdalena, mawu ali phee. "Ndiye maso anga anagwera pa chidindo ichi. Ndi cha chipatala chija. Deti ili apayi ndi tsiku lomwe anandidula kanyama, sindingaliiwale, mawa lake Tithokoze amalandira Ukalistia woyamba. Zaka za wodwala ndi zanga. Ndinamulanda kasitomala pepalali m'manja, n'kubwera kudzatenga kabuku."

"Anthu odwala ndi ambiri, mayi a Brenda. Tsiku limodzi amadula anthu angati? Limenelo ndi la munthu wina, anandipatsa mnzanga wa ku labu."

"Nambala iyi," anatero iye, chala chili pa pepala, "ndi nambala iyi," chala chili pa kastika ka m'kabuku. "Chingerezi chinandikana, koma manambala ndimawadziwa. Werengani."

A Zuze sanawerenge. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Ndiye ndikuwerengereni ine wa Fomu 2. Mwana uyu walemba bwino, dzanja lake ndi looneka. Funso lachiwiri. Achotsedwe chiberekero mwamsanga, akhoza kuchira. Mwachonga. Funso lachitatu. Akachedwa chaka chimodzi khansa imafalikira kwina, opaleshoni sithandizanso, akhoza kufa. Mwachonganso. Mwalembapo kuti gudu. Siginecha iyi ndi yanu, ndimaiona pa malipoti a ana."

"Ndimafuna kukutetezani ku maganizo," anatero a Zuze, mawu akutuluka ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. "Bipi ikanakukwerani. Ndimadikira nthawi yabwino. Komanso mukudziwa nkhani ya mayi kumudzi, ine ndimati tikangopeza kamnyamata kamodzi..."

Anaima pomwepo, koma mawu anali atatuluka kale. Magdalena sanalire, sanatukwane, ndipo zikanakhala bwino kwa a Zuze akanatukwana.

"Chaka ndi miyezi inayi," anatero. "Ana makumi asanu ndi limodzi a eni ake akudziwa za m'mimba mwanga. Ahedi anu akudziwa. Makondakitala a pa siteji adyera mandasi pa matenda anga, n'kupukutirapo m'manja. Wosadziwa ndinali ine ndekha."

Lolemba m'mawa Magdalena anavala, natenga kabuku kake, nauyamba wa ku siteji osatsanzika. A Zuze anamutsatira pambuyo. Chikhoti tsiku limenelo chinatsala pa msomali. Panadutsa masabata awiri a mizere, kuyezedwa ndi kujambulidwa, iwo akungoyenda m'mbuyo atanyamula kachikwama ka mkazi, kufuna kuti anthu aone mwamuna wosamala. Tsiku lomva zotsatira analowa nawo m'chipinda cha dokotala, nakhala pampando wa pakona.

Dokotala anali mayi wamng'ono thupi, wa maso otopa. Anatsegula faelo, nayang'ana deti ya lipoti loyamba, nayang'ananso kalendala ya pakhoma. Kenako analankhula pang'onopang'ono, kuti Magdalena amve liwu lililonse. Khansa inali itatuluka pa khomo la chiberekero n'kugwira m'mbali. Opaleshoni ija sinali yothekanso. Panatsala mankhwala a m'diripi ndi kuwotcha ndi makina, ndipo akayesetsa ndi mtima wonse, koma sakanalonjeza zomwe akanalonjeza chaka chatha. Mawu ake anafanana ndi yankho la funso lachitatu ngati anakopera. A Zuze anali atakhoza zonse.

"Koma mayi, munali kuti nthawi yonseyi?" anafunsa dokotalayo, ukali ukumveka pansi pa chisoni. "Apa palembedwa kuti tinaimba kanayi. Lipoti linatengedwa ndi wachibale. Munapita kwa asing'anga? Kumapemphero? Timakuuzani tsiku ndi tsiku kuti matenda awa safuna kudikira, koma anthu inu simumva."

Dokotala anatembenukira kukona.

"Inu ndinu amuna awo?"

"Eya, adokotala."

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

Funso limeneli a Zuze anali atakhala akuliyankha zaka makumi awiri popanda wowafunsa, m'minibasi, pa maliro, pa mzere wa chigayo, ngakhale kwa wansembe m'kanyumba kolapira. Tsiku limeneli anayang'ana nsapato zawo.

"Timangochita timaganyu, adokotala. Sitinapite patali ndi sukulu."

Dokotala anapumira m'mwamba, nkhope yake nifewa, ngati munthu amene wapeza chifukwa chokhululukira. Anali atayamba kale kunena kuti akumvetsa, pamene Magdalena anatenga kachikwama kake pamiyendo ya mwamuna wake. Anatulutsamo pepala lija, lopindidwa kanayi, naliyala pa tebulo, nalisalaza ndi chikhatho. Mafuta a mandasi anali atalowerera mpaka pa chidindo.

"Ndi aphunzitsi a Bayoloje, adokotala. Foni munkaimba ija ndi yawo. Onani funso lachitatu, anachonga okha."

Dokotala anawerenga kuyambira pamwamba mpaka pa siginecha. Sanawayang'anenso a Zuze. Anatenga bolopeni, nakhwatcha nambala ya foni yomwe inali pachikuto cha faelo, mizere iwiri yamphamvu mpaka pepala kuboola.

"Mayi, ndipatseni nambala ya munthu wina amene amakufunirani moyo."

"Lembani ya Brenda, mwana wanga wamkazi," anatero Magdalena.

"Bambo," anatero dokotala, maso ali pa faelo, "mukadikire panja."